Nyimbo imodzi sachezera gule

Sabata iliyonse ikamatha pamatuluka nyimbo yatsopano ya mtsikana amene dzulo lomweli sitinkamudziwa. Imayamba ngati kachidutswa ka masekondi ochepa pa TikTok, mawa lake yafalikira pa WhatsApp, pofika Loweruka ikulira m'minibasi, m'masaluni ndi pa zinkhoswe, ana akuivina pobwera kusukulu. Ndi nyimbo zothamanga, za ng'oma yodumphitsa, zina zotsamira ku amapiano, zina ku afrobeats, zina zotapa kugunda kwa manganje, ndipo ambiri mwa atsikanawa mawu ake amapeka okha. Mayina ngati Emmie Deebo, Temwah, Tuno ndi Kellie Divine asonyeza m'zaka zaposachedwazi kuti luso lilipo, ndipo kumbuyo kwawo kuli gulu lalikulu la ena amene akungoyamba kumene. Chodandaulitsa ndi zimene zimachitikira oyamba kumenewa pakatha miyezi itatu. Nyimbo ija yazilala, owulutsa mawu asamukira kwa wina, ndipo mwini wake akatulutsa yachiwiri amafunsidwa chifukwa chake sikufanana ndi yoyamba. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Anthu amakonda kuponya mwambiwu kwa woimbayo ngati kuti waulesi ndi iye, chonsecho oyenera kuumva ndi amene agwira ng'oma ndi amene azungulira bwalo: mamanijala, eni masitudiyo, okonza maphwando a zoimba, ma DJ, ndi ife omvera.

Pali bodza limene liyenera kuchoka msanga, lakuti nyimbo zovinitsazi n'zachabechabe ndipo zikafa palibe chotayika. Onena zimenezi aiwala kumene tachokera. Chimtali, chitelele, chisamba, chiwoda cha ku Nkhata Bay, onsewa ndi magule a amayi, ndipo palibe ngakhale amodzi amene amavinidwa mozizira. Nyimbo zake ankapeka ndi amayi omwewo, ndipo mkati mwa chisangalalocho ankalowetsamo mawu olasa: za mwamuna woledzera, za apongozi ovuta, za mnansi wamiseche, za njala ya m'mudzi. Pamtondo ndiye panali popekera penipeni, munsi ukugunda, mayi akunena zakukhosi zimene sakanazinena pabwalo la milandu. Choncho mtsikana wa ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi amene lero akuika nkhani za chibwenzi chosweka, za lendi ndi za ulova pa biti yothamanga sakuchita zachilendo ayi. Akupitiriza ntchito ya agogo ake ndi zipangizo zina. Kusiyana n'kwakuti pa chimtali panalibe wouza mayi kuti abwereze nyimbo yomweyo mpaka kucha. Woyambitsa nyimbo ankalemekezedwa chifukwa choti ina ikatha ali nayo ina, ya chimwemwe, ya chidzudzulo, ya chisoni, ndipo bwalo linkamupatsa usiku wonse kuti azitulutse.

Nanga n'chifukwa chiyani lero tikukakamira pa imodzi? Yankho lili m'thumba. Kujambula nyimbo kumafuna ndalama, kanema wake amafuna zochuluka kuposa apo, ndipo ndalamazo sizibwerera kudzera m'kugulitsa nyimboyo. Nthawi ya makaseti, pamene O.G. Issa ankagulitsa ndi kugawa nyimbo za oimba ambiri m'dziko muno, woimba ankapereka chimbale chathunthu, ndipo wogula ankamvera mbali zonse ziwiri za kaseti mpaka kukonda ngakhale nyimbo imene wailesi sinaiulutsepo. Msika umenewo unali ndi zophophonya zake, koma unkafuna ntchito yonse ya munthu. Lero nyimbo imayenda ulere pa WhatsApp ndi m'mamemori khadi odzazidwa pamsika. Pa Spotify, yomwe inafika kuno mu 2021, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikangodutsa masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'chaka silandira kalikonse. Onjezanipo mtengo wa bandulo, muona kuti woimba wa kuno sangadalire intaneti kuti adye. Nyimbo tsopano ntchito yake ndi kuitanira anthu ku shoo ndi kukopa makampani ofuna wowatsatsira malonda. N'chifukwa chake malangizo a m'situdiyo ndi amodzimodzi kulikonse: kolasi ibwere msanga, nyimbo isapitirire mphindi zitatu, pakhale kamzere kamene anthu angavine pa kanema wa pafoni. Ikagunda, manijala safunanso kuyesa china. Amafuna mapasa a nyimbo yomweyo, kenaka ina yofanana nayo, mpaka anthu atatopa. Akatopa, mlandu umagwera mtsikanayo kuti watha.

Apa ndiye pamene pali kuwononga kwenikweni, chifukwa wopeka nyimbo sakula ndi nyimbo imodzi. Amakula akapeka zambiri, zina n'kukanika, zina n'kukondedwa ndi anthu ochepa okha, mpaka atapeza mawu amene ali akeake. Zimenezi si za kuno kokha. Raye wa ku London anasaina mgwirizano ndi kampani ya Polydor mu 2014 ali mtsikana wamng'ono, ndipo kwa zaka zambiri ankatulutsa nyimbo zovinitsa imodziimodzi ndi kupekera oimba ena otchuka. Mu 2021 anadandaula poyera kuti sakuloledwa kutulutsa chimbale chake, ndipo chaka chomwecho anasiyana ndi kampaniyo. Chimbale chimene anatulutsa payekha mu 2023 chinali ndi nyimbo zovinitsa, komanso za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, za nkhanza zochitiridwa akazi, zinthu zimene kale analibe pozinenera. Mu March 2024 anapata mphoto 6 za Brit Awards usiku umodzi, chinthu chimene palibe woimba anachitapo. Luso limenelo linalipo nthawi yonseyo, amene analitsekera ndi omwe ankati akudziwa msika. Chappell Roan wa ku America naye anatulutsa Pink Pony Club mu 2020, kampani ya Atlantic n'kumusiya chaka chomwecho. Nyimbo yomweyo inadzatchuka patapita zaka, ndipo mu February 2025 mwini wake analandira Grammy ya woimba watsopano wopambana. Polandira mphothoyo anapempha makampani kuti azipatsa oimba oyamba kumene malipiro okwanira kukhalira moyo ndi chithandizo cha kuchipatala. Ngati makampani a ndalama zankhaninkhani amalephera kuona patali chonchi, kuli bwanji manijala wa kuno amene akufuna kubweza ndalama ya kanema mwezi usanathe?

Wina anena kuti mwambiwu unatha ntchito, poti Tyla wa ku Johannesburg anagwedeza dziko ndi nyimbo imodzi. N'zoona kuti Water, yomwe inatuluka mu July 2023, inafika pa nambala 7 pa mndandanda wa Billboard Hot 100 ku America, ndipo Tyla anakhala woimba payekha woyamba wa ku South Africa kulowa pa mndandandawo patatha zaka 55 chichitireni zimenezi Hugh Masekela mu 1968. N'zoonanso kuti mu February 2024 nyimboyo inatenga Grammy yoyamba m'gawo latsopano la nyimbo za mu Africa. Koma amene amatchula Tyla amadumpha zaka zinayi. Nyimbo yake yoyamba inatuluka mu 2019, ndipo pakati ponsepa panali nyimbo zina zimene sizinafike patali, panali anthu amene anapirira naye osamutaya. Water itagunda, chimbale chinali chili m'njira kale, ndipo chinatuluka mu March 2024. Nyimbo imodzi inatsegula chitseko, inde, ndipo pamenepo mwambiwu tingaupatse malire ake. Koma wolowa pachitsekocho anali atanyamula katundu. Atsikana athu ambiri chitseko chimawatsegukira ali chimanjamanja, chifukwa palibe amene anaikapo ndalama kapena nthawi pa nyimbo yachiwiri, yachitatu ndi yachikhumi.

Tikayang'ana amayi amene akhalitsa pa zoimba m'dziko muno, chinthu chimodzi chimaonekera. Malemu Grace Chinga, amene anatisiya mu 2016, ankapeka yekha nyimbo zake, ndipo mpaka lero zikuimbidwa m'makwaya ndi m'misonkhano chifukwa anasiya zimbale, osati kolasi imodzi. Ethel Kamwendo Banda anayamba kuimba ali mwana m'gulu la pabanja pawo ndipo wakhala pa ntchitoyi zaka makumi angapo. Onsewa mbiri yawo yaikulu ili ku nyimbo zauzimu, ndipo Ethel ndi woimba mnzake Wendy Harawa anachita kuchoka ku nyimbo zachikunja n'kupita kumeneko. Chikhulupiriro chawo palibe akuchikayikira. Koma tiyenera kuvomereza kuti mpingo umapereka kwa mayi woimba zimene msika wa nyimbo zovinitsa umamumana: bwalo sabata iliyonse, omvera amene amakhala pansi n'kumva nyimbo yonse, ndi ulemu umene suchepa akakwatiwa, akabereka kapena akakula. Kunja kwa mpingo mtsikana amaonedwa ngati wa nyengo imodzi. Keturah, amene mawu ake palibe angawatsutse, chimbale chake cha 2023 anakachijambulira ku California. N'chonyaditsa kuti luso la kuno likufika kumeneko, koma n'chomvetsanso chisoni kuti nthawi ndi chisamaliro chimene chimbale chimafuna anakachipeza kutsidya kwa nyanja.

Palinso nkhani ya umwini, imene anthu saikonda chifukwa siivinika. Mtsikana amabwera ndi mawu ndi kaimbidwe kake, wojambula amaikapo biti, manijala amalipira situdiyo, ndipo palibe pepala lolembedwa lonena kuti gawo la aliyense ndi liti. Nyimbo ikagunda ndi pamene zimadziwika kuti akaunti ya YouTube ndi ya manijala, mafayilo ali ndi wojambula, ndipo dzina la wopeka silinalembetsedwe paliponse. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992, lamulo la umwini wa ntchito zaluso linakonzedwanso mu 2016, ndipo pali ndalama zimene zimatoleredwa kwa owulutsa mawu komanso pa zipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko. Ndalama zimenezo zimatsata dzina lolembedwa, sizitsata amene anagona mochedwa akupeka. Chowawa n'chakuti ngakhale pakamwa pa anthu umwiniwo umalandidwa. Mnyamata akatulutsa nyimbo yabwino timati ali ndi luso. Mtsikana akatulutsa timafunsa kuti wamulembera ndani, kapena ali ndi ndani kumbuyo kwake, ndipo funso lachiwirilo aliyense amadziwa kumene likuloza. Zokamba zimathera pa zovala zake ndi kavinidwe kake, mawu a nyimbo osawagwira n'komwe. Pa maphwando a zoimba ntchito yake nthawi zambiri imakhala kulambula bwalo dzuwa likadali pamutu, anthu asanadzaze, nyimbo ziwiri basi, kuti madzulo amuna aimbe ola lathunthu. Munthu amene sapatsidwa ola lathunthu adzaphunzira liti kugwira bwalo ola lathunthu? Kenaka okonza omwewo amati akazi sakoka anthu.

Ena amati msika ndi msika, omvera ndi amene amasankha, ndipo anyamata nawonso amazilala ndi nyimbo imodzi. Amazilala ndithu, koma mnyamata akagwa amapeza anzake omukoka ndi kolabo, amagona m'situdiyo osanenedwa, amayenda usiku kupita ku shoo popanda kufunsidwa kunyumba. Mtsikana ali ndi zaka zochepa makolo asanayambe kufunsa za banja, ndipo ena mwa amene ali ndi makiyi a situdiyo ndi a wailesi amafuna malipiro amene mnyamata sapemphedwa. Zimenezi zimadziwika, zimangonenedwa chapansipansi. Za omvera nazo, munthu amasankha pa zimene waikiridwa. Wailesi ikamaulutsa nyimbo imodzi ya woimba kasanu pa tsiku, zinzake zitatu osazikhudza, sitinganene kuti anthu azikana. Ndipo pano sitikunena kuti aliyense athamangire chimbale cha nyimbo khumi ndi ziwiri alibe ndalama. Kutulutsa imodziimodzi si tchimo, ndi njira yotsika mtengo yoyambira. Tchimo ndi kuchita ngati nyimbo imodziyo ndiye munthu yense, kumufinya pa iyo, n'kumutaya.

Inu owulutsa mawu, mtsikana akakusangalatsani ndi nyimbo yovinitsa, funsani zina zimene ali nazo, ikani ndi yodekha yomwe, ndipo pocheza naye mufunseni za kapekedwe, osati za chibwenzi. Inu okonza maphwando, kaya ndi a kunyanja kaya a m'tauni, perekani nthawi yamadzulo ndi bandi yamoyo kwa atsikana, ndipo muwalipire mofanana ndi anzawo aamuna a msinkhu womwewo pa luso. Mamanijala ndi eni masitudiyo, ngati mwaona luso, konzani ndondomeko ya zaka, lembani mgwirizano womveka, ndipo dzina la wopeka lizioneka pa nyimbo iliyonse. Ndipo iwe mwana wamkazi amene nyimbo yako ikulira m'minibasi sabata ino, sangalala nayo, ndi thukuta lako. Koma usanatulutse ina, kalembetse dzina lako ku COSOMA, akaunti zako zikhale m'manja mwako, sunga mafayilo a nyimbo zako, ndipo usasaine pepala lililonse usanalionetse kwa munthu wodziwa malamulo amene sadya nawo m'mbale ya manijala wako.