Mtengo wouma si nkhuni chabe

Sabata yatha pa pulogalamu yathu ya pa wailesi, mnyamata wina anaimba foni nati: "Ise timadula mitengo youma chabe, ndiye tikulakwira ndani?" Ndinamuyankha mwaulemu chifukwa tinali pa mphepo. Pano ndimuyankha bwinobwino. Mukulakwira gogomole, achimwene.

Ambiri a inu obadwira ku Kapata kapena ku Mchini simunamumvepo. Gogomole wamkulu wa kuno, amene Azungu amamutcha Bearded Woodpecker, ndi wotalika pafupifupi masentimita 25, ali ndi mizere yakuda kumaso ngati ndevu, ndipo wamwamuna ali ndi kachipewa kofiira. Akakakamira pa thunthu, zala ziwiri kutsogolo ziwiri kumbuyo, mchira wolimba utatsamira khungwa, amagogoda mpaka phiri lonse limve. Kugogoda kwina n'kuitana mnzake ndi kuuza ena kuti malo ano ali ndi mwini. Kwina n'kuboola kuti atulutse mphutsi ndi lilime lake lalitali. Mphutsizo zimakhala m'nthambi zouma. Chisa chakenso amachiboola mu mtengo wouma waukulu, ndipo akasamuka, mphakoyo imasanduka nyumba ya mbalame zina zosatha kuboola zokha, monga tiakadzidzi tating'ono.

Ndiye mukati mtengo wouma ndi wakufa kale, mukunena za khitchini ndi chipinda chogona cha mwini wake.

Ndili mwana ndinkamumva m'mapiri ozungulira tauni yathu ino. Lero kwerani Kanjala, mutchere khutu. Kuti mumumve bwino muyenera kulowera msewu wa ku Mfuwe, kumene mitengo ikuluikulu ikadalipo.

Ndipo tisanamizane, si youma yokha imene ikugwa. Matumba a malasha amene amatsika pa njinga m'mawa uliwonse ndi mitengo yaiwisi ya m'nkhalango za miombo. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, tonse tinathamangira mbaula. Inenso ndinagula, sindikana. Koma chimene chimandinyansa n'chakuti ife a m'tauni timatukwana wootcha malasha pa Facebook, nsima yophika pa malasha akewo ili m'manja.

Kenako mu Disembala timavala masikipa, kubzala bulugamu, kujambulitsa, basi tapulumutsa chilengedwe. Kambande kofika m'bondo gogomole akachita nako chiyani? Iye akufuna mtengo umene unakula zaka zambirimbiri, n'kukalamba, n'kuuma uli chiimire. Umenewo sugulidwa ku nazale.

Sindikuuza amayi a kumudzi kuti aleke kutola nkhuni. Nthambi zogwa zilipo, atole. Ndikunena za thunthu louma limene likadali chiimire kumunda kwa agogo anu, limene mukufuna kulitumizira nkhwangwa pa holide ino. Liyang'aneni kaye m'mwamba. Mukaona kabowo kozungulira bwino ngati kobooledwa ndi kalipentala, bwezani nkhwangwayo m'nyumba.