Katapila akafa pakati pa ntchito, adzamudzutsa ndani?

Ntchito ya misewu kuno imadalira chilimwe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kontirakitala amayenera kuthamanga, chifukwa mvula ikayamba dothi silipsinjikanso bwino. Ndiye katapila kapena giledala ikafa mu Ogasiti, vuto silikhala mtengo wa sipeya wokha. Matipa amaima, anyamata amangokhala koma malipiro awo akuwerengedwa, banki nayo ikudikira chiwongoladzanja chake.

Apa ndi pamene ogulitsa ovomerezeka amagwira mfundo. Barloworld, yomwe inayamba kugulitsa makina a Caterpillar ku South Africa mu 1927 ndipo inafikanso ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, sigulitsa chitsulo chokha. Wogula amapeza makaniko ophunzitsidwa, chitsimikizo cha fakitale, komanso njira yoitanitsira sipeya yeniyeni. Kampaniyo imapimanso oyilo kuti adziwe ngati injini yayamba kudyeka isanafe. Mgodi waukulu umene makina ake amagwira usana ndi usiku sungachite popanda zimenezi.

Koma kontirakitala wamng'ono wa ku Mzimba kapena ku Nsanje ali ndi yankho lomveka. Makina atsopano sangawakwanitse. Amagula ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku South Africa kapena ku Japan, apo ayi a ku China monga Sany ndi XCMG, amene mtengo wake ndi wotsikirapo. Akawonongeka, amaitana makaniko wodziwana naye amene amabwera tsiku lomwelo n'kulola kulipidwa boma likalipira. Ndipo boma limachedwa kulipira, aliyense wa ntchito imeneyi akudziwa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera mtengo, ndipo ndalama zakunja zikasowa m'mabanki ngakhale wogulitsa wovomerezeka amadikira katundu ngati wina aliyense.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi makina amakono. Ali ndi kompyuta mkati, ndipo zina mwa zolakwika zake zimafuna pulogalamu ya kampani kuti zidziwike. Makaniko waluso amene wakonza injini za dizilo kwa zaka zambiri amangoima manja m'chiuno. Wogulitsa amene ali ndi nthambi ku Blantyre kapena ku Lilongwe kokha sangafike msanga pa mlatho wokokoloka ku Phalombe, monga zinafunikira namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023.

Ine ndikuona kuti wogulitsa wovomerezeka ndi woyenera ndalama zake pokhapokha ngati sipeya zofunika kawirikawiri, monga mafyuluta, mapaipi a hayidiroliki ndi mano a chokumbira, zili m'nkhokwe yake m'dziko muno. Makhonsolo ndi unduna wa zamtengatenga akamagula makina, pangano lizinena masiku amene makaniko ayenera kukhala atafika, sipeya zimene ziyenera kusungidwa kuno, ndi chiwerengero cha amakaniko a m'maboma amene kampaniyo iwaphunzitse n'kuwapatsa zida zopimira.