Dzuwa likalusa, adzatichenjeze ndani?

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Mulanje Mission. Usiku wina magetsi atathima tinakhala pakhonde ndi amalume, ndipo ndinawaonetsa pa foni nkhani ya Parker Solar Probe, chombo cha NASA chopanda munthu chomwe pa 24 Disembala 2024 chinayandikira dzuwa mpaka kutsala makilomita 6.1 miliyoni okha. Ife tili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Amalume anangoseka. "Mphwanga, zimenezo ndi za anthu okhuta. Ife dzuwa timalidziwa, limaumitsa chimanga basi."

Ndinasowa chowayankha. Ine ndimaphunzira mbiri ndi filosofi, masamu ndinasiyana nawo ku Fomu 4. Koma mawu awo anandikhala kukhosi mpaka ndinayamba kuwerenga.

Dzuwa silitumiza kuwala kokha. Usana ndi usiku limapemerera tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tothamanga makilomita mazanamazana pa sekondi imodzi. Imeneyi ndiyo amaitcha mphepo ya dzuwa. Eugene Parker ataifotokoza mu 1958, akatswiri amene anaunika pepala lake analikana, mwayi mkonzi wake, Chandrasekhar, analisindikizabe. Mphepoyi imachokera ku corona, mpweya wozungulira dzuwa umene anthu a ku Lusaka anauona ndi maso pa kadamsana wa pa 21 Juni 2001. Pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, koma corona imaposa madigiri 1 miliyoni. Zili ngati kupsa uli panja pomwe mbaula ili m'khitchini. Chombo chija anachitumiza kuti chikafufuze chifukwa chake.

Apa amalume akanati, "Ndiye zitikhudza bwanji?"

Nthawi zina dzuwa limaphulitsa chimtambo cha tinthu timeneti. Chikagunda dziko lapansi, m'mawaya ataliatali amagetsi mumalowa mphamvu yachilendo imene imatenthetsa matransifoma. Mu Malichi 1989 dera la Quebec ku Canada linakhala mumdima kwa maola 9. Mwina munena kuti Canada ndi kutali. Nanga South Africa? Pambuyo pa mkuntho wa dzuwa wa mu Okutobala 2003, matransifoma angapo akuluakulu a Eskom anawonongeka, ndipo akatswiri a komweko anapeza kuti mkunthowo unali ndi gawo lake.

Tsono kwa ife pali nkhani ya mawaya a 400kV ochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, otilumikiza ku magetsi a mayiko a kummwera kwa Africa. Ndikuwafuna mawaya amenewa, musandimve molakwika. Koma waya akatalika, m'pamenenso amatola kwambiri mphamvu yachilendo ija. Ndipo transifoma yaikulu si babu yoti n'kukagula pa Chitakale. Imachita kuitanitsidwa kunja, ndi ndalama zakunja zomwe tikuzisowa kale, n'kudikirira miyezi yambiri. Ndikaganiza miyezi imeneyo ndimaganiza za mafiriji a katemera ndi makina a okosijeni pachipatala cha mishoni pafupi ndi kwathu.

Penapake amalume sanalakwe. Mdima wathu wambiri umachokera pansi pompano: matope ndi zinyalala mu Shire, namondwe Ana amene anawononga Kapichira mu 2022. Komanso mikuntho ya dzuwa imapweteka kwambiri mayiko oyandikira kumpoto kapena kummwera kwenikweni kwa dziko. N'chifukwa chake sindikunena kuti Malawi apange chombo chake.

Pempho langa ndi lotchipa. Chimtambo chija chimatenga tsiku limodzi mpaka atatu kuti chifike kuno, choncho nthawi yokonzekera imakhalapo. Bungwe la SANSA lili ndi malo ku Hermanus ku South Africa oyang'anira dzuwa maola 24, ndipo limatulutsa machenjezo. Chofunika ndi munthu amene ntchito yake ndi kuwerenga machenjezowo n'kuuza oyendetsa magetsi, ndege ndi mafoni zoyenera kuchita. Anzathu a physics ku UNIMA ndi MUST amamaliza maphunziro n'kukakhala pakhomo ndi digiri yawo. Awiri kapena atatu mwa iwo atawatumiza ku Hermanus kukaphunzira, mtengo wake sungafike ngakhale pa galimoto imodzi ya nduna.

Ndinawalembera amalume zonsezi pa WhatsApp. Anayankha patapita masiku awiri, ati foni inalibe moto.