"Amen" wa pa foni sanyamula bokosi

Amalonda anzathu, lero tikambirane za achinyamata amene angoyamba kumene geni yodutsa maboda.

Ana amenewa amapemphera, tisawanamizire. M'basi ya ku Joni mupeza wina ulaliki uli m'makutu kuchokera pa Mwanza mpaka pa Beitbridge. Pa Facebook ndi TikTok amalemba "Amen" osatopa. Ena amatumiza "mbewu" kwa mneneri amene sanakumanepo naye, mwinanso kutapa pa mpamba weniweniwo. Koma afunseni kuti akafika ku Johannesburg, Lusaka kapena Dar es Salaam amasonkhana ndi ndani, angoti kukamwa yasaa.

Vuto limaoneka tsiku la tsoka. Munthu akamwalira ku Joni, pamafunika zikalata, bokosi ndi galimoto yodutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Zobue kuti thupi lifike kumudzi. Mneneri wa pa intaneti uja sadziwa n'komwe dzina la malemuyo. Osonkha ndalama, ogona pa siwa ndi operekeza amakhala a kumpingo, a kumzikiti kapena a gulu la maliro, amene ankamuona akubwera pa mavuto a anzake.

Tikumbukirenso 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zodana ndi obwera. Ambiri anathawira kupolisi, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Tchalitchi cha Central Methodist, pakati pa Johannesburg, chinagoneka obwera miyandamiyanda kwa zaka zambiri, makamaka a ku Zimbabwe. Zikavuta, pamafunika chitseko chenicheni chogogoda.

Foni sitikuinyoza ayi. Namondwe Freddy atasakaza ku Blantyre mu Malichi 2023, achinyamata omwewa anafalitsa uthenga pa WhatsApp, ndalama n'kuyenda pa Mukuru ndi Airtel Money mpaka ufa ndi zofunda zinafika m'misasa. Apo foni inathandiza chifukwa kumapeto kwake kunali manja a anthu.

Tsono achinyamata, mzinda uliwonse umene mumakaodako katundu, pezani posonkhana. Atsogoleri adziwe dzina lanu, mudzi wanu ndi nambala ya m'bale wanu. Musanatumize "mbewu", yambani mwalipira ya gulu la maliro. Mnzanu akagonekedwa m'chipatala, pitani ndi miyendo, chithunzi cha manja opemphera sichimwetsa wodwala phala.

Nafenso akuluakulu, tisangowaphunzitsa za msonkho wa pa boda ndi mitengo ya randi. Tikamapita kokapemphera kapena kokazonda odwala, tiziwatenga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.