Tisawanyoze Alendo a Tenesi

Chaka ndi chaka, m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti, akatswiri a tenesi ochokera ku Spain, Argentina ndi maiko ena amapita ku Germany kukasewerera makalabu a mu ligi ya Bundesliga, imene inayamba m'chaka cha 1972. Alipo amene amawanena kuti ndi aganyu chabe. Ife sitikugwirizana nawo.

Wosewera mpira wamiyendo amalandira malipiro pamwezi, ndipo ulendo imamulipirira ndi timu. Wa tenesi ayi. Ndege, malo ogona, mphunzitsi, zonsezi zimatuluka m'thumba mwake, ndipo akagonja tsiku loyamba la mpikisano amabwerera kwawo ali ndi ngongole. Bungwe la ITF linapeza kuti m'chaka cha 2013, mwa osewera pafupifupi 14,000 a m'mipikisano ya maiko, oposa 6,000 sanapate ngakhale khobidi. Munthu wotere kalabu ndiyo imam'patsa ndalama yopanganiranatu.

Chotidetsa nkhawa n'china. Timu ikadzaza ndi alendo, mwana wa m'tauni momwemo adzasewera liti? Boris Becker anaphunzirira pa kalabu yakwawo ku Leimen asanapambane Wimbledon mu 1985. Funsoli ayankhe ndi akuluakulu a makalabu, osati alendowo.