KANGOLO KA NJINGA: TIGULE KA KUNJA KAPENA TIPANGITSE KWATHU KUNO?

Aliyense amene anayendapo m'mamawa pa mseu waukulu wa Great East, kaya polowa mu Lusaka kapena pofika mu Chipata, adziwa bwino katundu amene njinga ya m'dziko lino imasenza. Matumba a makala atatu kapena anai omangidwa ndi malegeni, mbuzi yogonekedwa pakaliyala, zigubu za madzi uku ndi uku, ndipo mwini njinga sakweranso ai, koma ali kungokankha, thukuta lili kamukamu. Njinga yotere yafika pamapeto a mphamvu zake. Munthu wopanda ng'ombe ndi ngolo, wopandanso ndalama za galimoto, watsala ndi njira imodzi yoonjezera mphamvuzo, ndiyo kangolo ka mawilo awiri kokokedwa kumbuyo kwa njinga.

Funso ndi lakuti kangoloko akapeze kuti. Ife tinena mosabisa kuti mlimi, wamalonda kapena mmisiri wa muno m'Zambia acita bwino kupangitsa kangolo kake kwa woocherera zitsulo wa kwao komweko, pa mawilo a njinga wamba, kusiyana ndi kutaya ndalama pa tingolo tonyezimira tocokera ku maiko a kutali.

Tisanapite patali, tiyeni tione zimene tingolo ta kunjato tinapangidwira. Ku America ndi ku Ulaya anthu amakokeramo ana, zogula za m'sitolo, kapena hema ndi zofunda popita kokaceza kuchire. Ka mtundu wa BOB Yak, ka wilo limodzi, eni ake anakalembera malire a makilogramu 32. Ka Burley Flatbed, ka mawilo awiri, malire ake ndi makilogramu 45. Tsono thumba limodzi la feteleza kapena la cimanga copita ku depoti ya FRA lilemera makilogramu 50, ndipo acikulire akumbukira kuti m'masiku a NAMBOARD thumba la cimanga linali la makilogramu 90. Ndiye kuti munthu alipira ndalama zambiri, pamodzi ndi mtengo wotumizira, kuti alandire cinthu cosakhoza kunyamula ngakhale thumba limodzi. Pamenepa mpamene akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Sitinena kuti tingoloto ntoipa ai. Kwao tigwira nchito yake bwino lomwe, koma nchito yake si yathu ino.

Wina angafunse kuti, nanga popeza kaliyala wa njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linabweretsa m'dziko muno, anapangidwa kuti asenze makilogramu 100, kangolo nkaciani? Yankho lake lagona pa malo amene katunduyo akhala. Pakaliyala, katundu akhala pamwamba, ndipo kulemera kwake konse kutsamira pa masipoko a wilo limodzi la kumbuyo, limene lasenza kale mwini njinga. Njinga ikangopendekera pang'ono pamcenga, munthu sangaibwezenso, imagwa naye pamodzi. M'kangolo katundu akhala pansi, pa mawilo akeake awiri, ndipo njinga ingokoka. Mai amene sangathe kuimika njinga yosenza zigubu zinai za malita 20 angathe kuzikoka m'kangolo popanda mantha akugwa. Kalipentala aikamo macheka, mapuleni ndi matabwa ake, womanga nyumba aikamo simenti ndi mafosholo, ndipo nchito ikatha amasula kangoloko, njinga nikhalanso yopitira ku chalichi kapena ku maliro.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwathu kuno. Kampani ya Zambikes, imene inayamba mu Lusaka m'caka ca 2007, inapanga kangolo konyamulira odwala kochedwa Zambulance, ndi kena ka katundu kochedwa Zamcart. Kale lomwe, m'zaka za m'ma 1980, fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kutulutsa njinga za Eagle zimene anthu a kum'mawa azikumbukira mpaka lero. Dziko limene linapangapo njinga yathunthu silingalephere kupanga bokosi la citsulo la mawilo awiri. Amene amadutsa mu mseu wa Alick Nkhata pa Kalingalinga amaona okha mageti, mabedi ndi mafelemu a mazenera zimene anyamata athu amaocherera tsiku ndi tsiku. Luso lilipo. Cimene cisowa ndi kudziwa mbali zingapo pamene kangolo kasiyana ndi geti, pakuti geti siyenda pa mseu.

Mbali yaikulu ndi mawilo, ndipo apa tifuna kucedwapo. Wilo la njinga ndi lolimba kwambiri likamasenza colemera kucokera pamwamba, koma ndi lofooka likakankhidwa ca m'mbali. Njinga pokhota imapendekera, cotero wilo silimva kukankhidwa kumeneku. Kangolo ka mawilo awiri sikapendekera. Pokhota paliponse, ndi pa dzenje lililonse, katundu yense amakankhira wilo kumbali, ndipo limu lalikulu la mainchi 28 silicedwa kupindika. Wilo laling'ono la mainchi 20, longa la njinga za ana okulirapo, lipirira bwino koposa cifukwa masipoko ake ngaafupi, ndiponso litsitsa katundu kufupi ndi nthaka. Koma tisathamangire. Ngati tayala ndi chubu za mainchi 20 sizipezeka pa kasitolo ka pafupi ndi mudzi wanu, kuli bwino kutenga wilo lofanana ndi la njinga yanu yomwe, kuti chubu cimodzi, pampu imodzi ndi sipanala imodzi zitumikire zonse. Taona zipangizo zabwino zambiri zili kucita dzimbiri pansi pa mitengo ya mango cifukwa ca kacitsulo kamodzi kosapezeka m'boma lonse. Wilo lililonse limene mwasankha, mmisiri aligwiritse mbali zonse ziwiri, citsulo cina kunja, cina m'kati, monga momwe foloko ya njinga imagwirira. Wilo logwiridwa mbali imodzi yokha limapinda ekiselo msanga.

Cina ndi polumikizira. Kangolo kangathe kugwira pansi pa cishalo kapena pafupi ndi ekiselo ya wilo la kumbuyo. Kugwiritsa pansi pa cishalo nkosabvuta kupanga, ndipo mpini wake wautali ulola kuti kangolo kakankhidwe ndi manja ngati wilibala mukafika pamsika. Kugwiritsa pafupi ndi ekiselo kucititsa kuti katundu asamagwedeze njinga kwambiri. Kulikonse kumene mwasankha, polumikizirapo payenera kulola njinga kukhota, kupendekera, ndi kukwera kapena kutsika pa kamtunda popanda kupotokola kangolo. Bauti youma yokha sikwanira ai. Cidutswa ca tayala lakale la galimoto, comangidwa bwino ndi mabauti, cimagwira nchito imeneyi, ndipo cikatha mupeza cina pa mtengo wocepa. Poika katundu, colemera cikhale pamwamba pa mawilo, cosendera kutsogolo pang'ono. Mukaciika kumbuyo kwenikweni, mpini umanyamula wilo la kumbuyo la njinga, ndipo wokwera amataya ulamuliro.

Tsopano tifike pa bvuto limene ogulitsa sakonda kulichula. Walira mvula walira matope. Munthu akapeza kangolo kolimba, mtima umamuuza kuti aikemo matumba anai, popeza pacidikha njinga ili kuyenda bwino. Koma kangolo kalibe mabuleki akeake. Potsetsereka, katundu yense uja amasanduka wokankha, ndipo timabuleki tiwiri timene tinapangidwira munthu mmodzi ndi katundu wocepa tiyenera kuimitsa zonse. Mabuleki a ndodo a njinga zakale amaterereka limu likanyowa ndi mvula, ndipo buleki yopondera kumbuyo imatentha pa mtsetse wautali. M'dziko la mapiri monga kozungulira Chipata, imeneyi ndi nkhani ya moyo wa munthu. Muyeso wa katundu ukhale mtsetse woipitsitsa wa pa njira yanu, osati mphamvu ya miyendo yanu pacidikha. Kwa munthu wamba pa njinga wamba, ife tiona kuti matumba awiri a makilogramu 50 akwanira, ndipo pa mtsetse waukulu atsike ndi kuyenda pansi atagwira mabuleki. Kangolo nkotambalala kuposa njinga, cotero kumbuyo kwake kukhale zonyezimira zofiira mbali zonse ziwiri, cifukwa woyendetsa lole usiku amaganiza kuti ali kupambana njinga yokha.

Tibvomereze kuti otsutsa ali ndi mfundo. Si woocherera aliyense amene ali wokhulupirika. Ena amagwiritsa nchito citsulo copyapyala, nabisa zoocherera zosagwira pansi pa penti. Ndiponso cilala ca 2024, cimene cinacepetsa madzi m'damu la Kariba ndi kubweretsa kuzimazima kwa magetsi kwa maola ambiri, cinationetsa kuti nchito ya mmisiri wa zitsulo ingathe kuima masabata. Koma mmisiri wa pafupi mungathe kumubwerera ndi kangolo kothyoka m'manja, ndipo iye adziwa kuti mbiri yake iyenda m'mudzi monse. Wogulitsa wa kutsidya la nyanja simudzamuona nkhope. Pogula, pemphani kuona kangolo kasanapakidwe penti, ikanimo matumba a mcenga, ndipo mukayese pamaso pa mwini wake musanalipire ndalama zotsala.

Kucokera m'caka ca 2022, pamene ndalama za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, mbali ina ya ndalamazi yakhala ili kulipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja. Tipempha masukulu a luso, monga Chipata Trades, kuti wophunzira kuocherera asatuluke asanapangepo kangolo kamodzi koyesedwa ndi katundu pa mseu weniweni. Makopaletivu a alimi naonso angathe kupangitsa tiwiri kapena titatu tobwerekana pa nyengo yotenga feteleza ndi yokolola, malinga agwirizane za polumikizira pa mtundu umodzi, kuti kangolo kamodzi kathe kugwira pa njinga ya membala aliyense.