Aroma pa kanema, Chilembwe pakhomo



Mukadutsa pa vidiyo sho madzulo, mumamva phokoso. Pa kanema Aroma avala zisoti zachitsulo. Akumenyana ndi anthu a ku Britain odzipaka utoto kumaso. Woonera wina akufuula kuti zonsezi n'zabodza. Mnzake akulumbira kuti asing'anga a mu kanemamo ankalankhuladi ndi akufa. Mkangano umathera pa chiwaya cha tchipisi.

Onse awiri alasa pang'ono. Aroma analandadi Britain, patangopita zaka zochepa Yesu atapachikidwa. Ansembe otchedwa ma Druid analikodi. Mfumukazi Boudica inawotchadi London. Koma matsenga ndi zibwenzi za mu kanemamo n'zokometsera za olemba. Sewero la pa kanema ngati Britannia limasangalatsa, koma si mphunzitsi wa mbiri.

Chondigwira mtima n'chakuti dziko limene linatilamulira ife nalonso linalawapo utsamunda. Ndipo timaombera m'manja ogalukira akutali, kuiwala wathu wa kuno ku Chiradzulu. John Chilembwe anamanga tchalitchi ku Mbombwe. Mu Januwale 1915 anthu ake, atatopa ndi thangata, anakantha esiteti ya mzungu Bruce ku Magomero. Nayenso anthu anamupekera nthano. Ena ankati sanaphedwe, anangozemba. Kukometsera mbiri nafenso timakutha.

Ndibwereze: sewero limasangalatsa, koma si mphunzitsi wa mbiri.

Inu omvera, onerani ndithu, kanganani. Koma Loweruka lino tengani ana mukaone mishoni ya Chilembwe ya PIM ku Mbombwe, ndipo mukawafunse agogo za thangata.